Funso lomwe ndidafunsidwa ku Ubirr

Sabata yatha ndidakuuzani za ulendo wa pandege komanso mmene tulo tidandisokonekera nditafika ku Darwin, kumpoto kwa dziko la Australia, komwe nthawi ili patsogolo pa yathu ndi maola 7 ndi theka. Kumeneko tidapita aphunzitsi 14 a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa muno kukachita maphunziro a milungu isanu. Ena mwa inu mwandilembera kuti za ndege zakwana, ndinene zomwe ndidakaona. Chabwino, lero ndikutengerani kutchire. Koma ndineneretu kuti nkhaniyi ikathera pa ine mwini, ndipo sindikatulukamo bwino.

Loweruka lina m'mwezi wa Julayi adatidzutsa kusanache, natikweza minibasi kulowera kum'mawa, kunkhalango yotetezedwa ya Kakadu. Kuchokera ku Darwin kukafika pa tauni ya Jabiru, yomwe ili mkati mwa nkhalangoyi, pali makilomita pafupifupi 250. Nkhalango yakeyo si yamasewera: kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 20,000, kutanthauza kuti boma la Mzimba lingalowemo pafupifupi kawiri. M'mbali mwa msewu tinkaona zulu zazitali kuposa munthu, ndipo apa ndi apo utsi unkafuka m'tchire.

Utsiwo udandidabwitsa. Ndidafunsa dalaivala ngati nakonso kuli anyamata osaka mbewa. Adaseka, nati motowo amayatsa dala eni nthaka pamodzi ndi alonda a nkhalango. Amatentha tchire pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi lero, kena mawa, mvula ikangotha kumene udzu usanaumitse. Moto wotere umayenda mofatsa ndipo usiku umazima wokha ndi mame. Ikafika miyezi yotentha, moto wolusa umasowa chodya. Njirayi adaipeza makolo awo kalekale, ndipo lero boma likuitsatira.

Titadutsa Jabiru tidakhotera kumpoto, makilomita ena ngati 40, mpaka pa malo otchedwa Ubirr, pafupi ndi mtsinje wa East Alligator. Mtsinjewo uli ndi ng'ona zomwe za mu Shire zingazipatse moni wogwada. Zikwangwani zochenjeza zili paliponse, ndipo palibe mmodzi wa ife adalakalaka kusamba m'manja.

Pa Ubirr tidalandiridwa ndi mayi wina wachikulire, mlonda wa nkhalango, yemwe ndi mmodzi wa eni nthaka. Anthu a chigawo cha kumpoto kwa Kakadu amadzitcha Bininj, ndipo a kummwera amadzitcha Mungguy. Dzina loti Aboriginal, lomwe timalemba pabolodi, ndi lophatikiza mitundu yambirimbiri ya zilankhulo zosiyana, monga mmene mlendo angatitchulire tonse kuti Amalawi osasiyanitsa Mtumbuka, Msena ndi Myao. Mayiwa adatiyang'ana kumapazi mmodzimmodzi. Atafika pa ine adapukusa mutu. Ndidali nditavala nsapato zanga za kukalasi, zopolisha, zoterera kunsi.

Njira ya pa Ubirr si yaitali, ndi ngati kilomita imodzi yozungulira, koma imadutsa m'matanthwe osanjikizana ngati mbale zosatsuka. Pena umakwera, pena umapanikizika pakati pa miyala iwiri, pena umagwira ndi manja. Iyi ndi nyengo yomwe iwo amati yozizira, koma dzuwa lake linali ngati la ku Salima m'mwezi wa Seputembala. Mnzanga wina, mphunzitsi wa ku Chipata yemwe tinkachezera m'Chinyanja, ankangondiseka kumbuyo: "Achimwene, mukagwa muneneretu uthenga woti ndikatule kwa alamu."

Kuseka kudatha titafika pansi pa thanthwe lalikulu lomwe lidatambasuka pamwamba ngati khonde. Khoma lake lonse linali zojambula zokhazokha. Nsomba zikuluzikulu za mtundu wa barramundi, milamba, nkhasi za makosi aatali, ng'azi, ndi tinyama tonga kangaroo. Chodabwitsa n'chakuti nyamazi sadazijambule kunja kokha. Mkati mwa nsomba mukuoneka msana, minga, matumbo ndi mafuta, ngati chithunzi cha X-ray cha kuchipatala. Mayi aja adati wojambulayo ankaonetsa nsomba monga aidziwira munthu yemwe amaitumbula ndi kuigawa: mbali iyi ndi yonona, iyi ndi ya akuluakulu. Zambiri mwa nsombazi zidajambulidwa m'zaka 1,500 zapitazi, pomwe madambo a madzi abwino adafalikira m'derali ndipo chakudya chidachuluka.

Utoto wake ndi wa m'nthaka momwemo. Wofiira umachokera ku mwala wachitsulo womwe amaupera n'kusakaniza ndi madzi, wachikasu ku mwala wina wofanana nawo, woyera ku dothi loyera, wakuda ku makala. Wofiira ndiwo umalowerera m'thanthwe n'kukhala zaka zikwi zambiri. Woyera umangokhala pamwamba, ndipo umayamba kuyoyoka. N'chifukwa chake zojambula zakale kwambiri zimaoneka zofiira zokhazokha. Mu Kakadu monse mudalembedwa malo a zojambula oposa 5,000, ndipo zina amaziyerekeza kuti zatha zaka 20,000.

Ine ngati mphunzitsi wa mbiri yakale, chomwe chidandigwira mtima n'chakuti thanthwe limodzi lili ndi nthawi zingapo. Pamwamba penipeni, pomwe munthu sangafike popanda makwerero, pali kanyama ka mizeremizere kumsana, konga galu. Ndi thylacine, nyama yomwe idatha pamtunda waukulu wa Australia zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo yomaliza yodziwika idafera kumalo osungira nyama ku Hobart, pachilumba cha Tasmania, mu 1936. Wojambulayo adaiona ndi maso ake ikuyenda m'dera lomwelo. Chapansi pang'ono pali munthu wojambulidwa ndi dothi loyera, wovala malaya, buluku ndi nsapato, manja ali m'matumba. Ameneyo ndi mzungu, mmodzi wa omwe adafika m'derali cha m'ma 1880 kudzasaka njati. Tonse tidaseka poona kuti wojambulayo adazindikira msanga yemwe amaima chilili ena akugwira ntchito.

Mzungu kumeneko amamutcha balanda. Mawuwa adachokera ku dzina loti Hollander, ndipo adabwera ndi amalonda a ku Makassar, m'dziko lomwe lero ndi Indonesia, omwe ankafika ndi ngalawa m'mbali mwa nyanja ya kumpotoko Angerezi asanakhazikike m'derali. Ndidalemba zimenezi m'kabuku kanga, chifukwa ana anga a Fomu 3 amakonda kuganiza kuti dziko lililonse lidayamba kuyenderedwa tsiku lomwe mzungu adafikako.

China chomwe chidatizunguza n'chakuti zithunzi zambiri zidajambulidwa pamwamba pa zinzake. Nsomba ili pamwamba pa nkhasi, nkhasi ili pamwamba pa munthu wa mkondo. Mphunzitsi wina wa zaluso adafunsa ngati kumeneko si kuononga ntchito ya mnzako. Mayi aja adayankha kuti kwa iwo chachikulu chinali kujambulako ndi nkhani yomwe inkanenedwa pojambulapo. Munthu woyenera, wa fuko loyenera, ankatha kujambula pamwamba pa chakale popanda mlandu. Mawu oti "woyenera" adawabwereza kawiri.

Patsogolo pang'ono adationetsa chithunzi cha mlenje wotchedwa Mabuyu, atanyamula mikondo, choponyera mikondo, chikwama ndi chokupizira mphepo cha nthenga. Nkhani yake ndi yakuti tsiku lina akuchokera kosodza, akukoka nsomba zake pa chingwe, anthu ena adadula chingwecho n'kumubera. Iye adawatsata mwakachetechete, nadikira mpaka atadya n'kugona m'phanga, kenaka adatseka pakhomo pa phangalo ndi chimwala. Sadatulukemonso. Ana amauzidwa nkhaniyi pomwepo, akuyang'ana chithunzicho, kuti adziwe mapeto a kuba.

Kenaka tidafika pa chithunzi china chomwe mayiwa adangochitchula dzina n'kupitirira. Mnzathu wina, munthu wophunzira bwino, adaumirira kuti atiuze tanthauzo lake. Mayiwa adati zomwe atiuza ndi zomwe amauza ana ndi alendo, zotsalazo si zathu, ndipo zina ngakhale iwo eni sadaloledwe kuzidziwa chifukwa ndi za amuna. Mnzathuyo adang'ung'udza m'Chingerezi kuti nzeru siyenera kubisidwa, makamaka kwa anthu omwe ayenda ulendo wautali chotere.

Ine ndi mnzanga wa ku Chipata tidangoyang'anana. Kwa ife zimenezi sizinali zachilendo. Ndani mwa inu, wokulira m'mudzi wa Achewa, angaime pabwalo n'kufotokozera mlendo za kudambwe chifukwa choti walipira basi? Mayi uti angaulule za kutsimba kwa mwamuna wongodutsa? Gule amavinidwa poyera, aliyense amaonera, koma si aliyense amadziwa zomwe akuona. Ndidamva ngati ndili kwathu, ndipo ndidayamba kudzimva kuti pagulu lonselo ine ndiye ndikumvetsa bwino.

Kudzimvako sikudakhalitse.

Tisanakwere pamwamba, mayiwa adationetsa mmene amasamalirira zojambulazo. Pamwamba pa zithunzi zina pali kamzere kopyapyala ka guluu, komwe adamata pathanthwe kuti madzi a mvula azidonthera pambali m'malo moyenderera pa utoto. Amachotsa zisa zadothi za mavu ndi tinjira ta chiswe. Amalambula udzu ndi masamba ouma pafupi ndi matanthwe, chifukwa moto ukayaka pamenepo thanthwe limasweka n'kuyoyoka pamodzi ndi chithunzi. Adaika timipanda tamatabwa kuti munthu asayandikire, poti thukuta ndi mafuta a m'manja zimaononga utoto, ndiponso fumbi la mapazi limamatirira pakhoma. Zonsezi ndi ntchito ya chaka ndi chaka.

Atatha kufotokoza adatifunsa ngati kwathu kuli zotere. Ndidakweza dzanja msanga ngati mwana wa kutsogolo. Ndidawauza za Chongoni ku Dedza: malo 127 a zojambula, omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, mndandanda womwewo womwe Kakadu idalowapo mu 1981. Ndidawauza za zofiira zomwe adajambula Akafula, aja timati Abathwa, ndi zoyera zomwe adajambula Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina zokhudza nyau, monga za ku Namzeze. Ndidalankhula bwino ndithu, mpaka anzanga adaomba m'manja.

Mayiwa adamwetulira, nafunsa funso limodzi lokha: amene amaziyang'anira ndani, ndipo ine ndidapitako liti komaliza?

Ndidayankha gawo loyamba, kuti ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Gawo lachiwiri ndidalimeza. Tsopano ndiliyankhe pano, pamaso panu.

Ku Chongoni ndidapitako kamodzi kokha, ndili Fomu 2, paulendo wa sukulu. Tidakwera lole, tikuimba njira yonse. Titafika kuphanga la Chentcherere aphunzitsi adakhala pansi pamthunzi kumatsegula botolo la thobwa, natiuza kuti tizionera. Palibe adatiuza kuti tikuona chiyani. Tidaona timizere tofiira ndi tinyama toyera, ndipo pambali pake padali maina a anthu omwe adabwera ife tisanafike. Mnzanga adatola khala pa phulusa lomwe abusa a ng'ombe adasiya. Adalemba lake. Ine ndidalemba langa, ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuonjezera dzina la sukulu. Mchira wa chilembo chomaliza udadutsa pa chithunzi choyera. Ndikukumbukira bwino chifukwa ndidabwerera m'mbuyo kuti ndione ngati zaoneka bwino.

Chichokereni pamenepo ndaphunzitsa za Chongoni kwa zaka 9. Ndimalembetsa manotsi, ndimafunsa pamayeso kuti malowa ali m'boma liti, ndimachonga. Sindidatengerepo mwana ndi mmodzi yemwe kukaona, ngakhale kuti kuchokera pasukulu pathu ndi ulendo woti munthu anyamuka m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndidachita kuwoloka nyanja zikuluzikulu, pa ndalama za eni, kuti mayi wa mtundu wina andikumbutse za phanga la kwathu.

Tidakwerabe pamwamba pa Ubirr, mamita 250 a chitunda chamiyala, ine ndikukwawa ndi nsapato zanga zija. Pamwambapo umaona dambo la Nadab litayala kubiriwira mpaka komwe maso alekezera, mbalame zili mbuu, ndipo chakum'mawa kuli zipupa zamiyala za Arnhem Land. Anzanga ankajambulana ndi mafoni dzuwa likulowa. Ine maganizo adali ku Dedza.

M'mawa mwake tidapita kummwera kwa Jabiru, ku thanthwe lina lotchedwa Burrungkuy, lomwe mabuku ambiri amalitcha Nourlangie. Kumeneko kuli chithunzi cha Namarrkon, mwini mphezi, yemwe ali ndi nkhwangwa zamiyala pamutu, m'zigongono ndi m'mawondo zomwe amang'ambira mitambo. Ana ake ndi ziwala zofiirira za mawanga obiriwira ngati thambo, zomwe zimatuluka mvula ikamayandikira. Ndidadabwa kumva kuti zithunzi zotchuka za pamenepo si zakale ayi. Adazijambula mkulu wina dzina lake Najombolmi cha mu 1964, anthu ambiri atachoka kale m'derali. Pakati pa zithunzizo pali gulu la amuna ndi akazi, ngati kuti mkuluyo ankabwezera anthu ake pathanthwe. Ife m'chaka chimenecho tinkalandira ufulu wodzilamulira.

Pafupi ndi thanthwe limeneli pali malo otchedwa Koongarra, omwe pansi pake pali miyala ya yureniyamu ya ndalama zankhaninkhani, mwala womwewo womwe kampani ya ku Australia idayamba kukumba ku Kayelekera ku Karonga mu 2009. Mwini nthaka wamkulu wa pa Koongarra, bambo Jeffrey Lee a fuko la Djok, akadavomera mgodi akadakhala mmodzi wa anthu olemera kwambiri m'dzikomo. Adakana kwa zaka zambiri. Mu 2011 adapita mpaka ku Paris kukapempha UNESCO kuti malowo atetezedwe, ndipo mu 2013 Koongarra idalowetsedwa mu Kakadu. Iwo adapitiriza ntchito yawo ya ulonda wa nkhalango.

Musaganize kuti ku Australia zonse zili bwino. Anthu amenewa akhala m'dzikomo zaka zosawerengeka. Pa phanga la Madjedbebe, kufupi ndi komwe tidali, akatswiri ofukula zakale adalengeza mu 2017 kuti anthu adayamba kukhalapo zaka 65,000 zapitazo. Komabe Angerezi atafika mu 1788 adalitenga dzikolo ngati lopanda mwini, ndipo bodza limeneli lidathetsedwa ndi khoti lalikulu mu 1992 pa mlandu wa Eddie Mabo. Kakadu ili mmene ilili chifukwa lamulo la 1976 lidalola eni nthaka a m'chigawo cha Northern Territory kuitanitsa malo awo. Iwo adabwereketsa nthakayo ku boma kuti ikhale nkhalango yotetezedwa, ndipo pa komiti yoyendetsa nkhalangoyi ambiri ndi iwowo. Komwe eni alibe mphamvu yotere zinthu zimaipa. M'mwezi wa Meyi 2020 kampani ya migodi ya Rio Tinto idaphulitsa mapanga a Juukan Gorge kumadzulo kwa dzikolo, momwe anthu adakhalamo zaka 46,000 zapitazo, ndipo idachita izi ili ndi chilolezo cha boma. Mkulu wa kampaniyo adatula pansi udindo anthu atakwiya, koma phanga lophulitsidwa silimangidwanso.

Zomwe ndidabwera nazo ndi izi. Guluu uja, timipanda tija ndi zikwangwani zija n'zothandiza, koma si zomwe zasunga Ubirr. Chasunga Ubirr ndi mayi uja, yemwe amadziwa kuti nsomba iyi ndi yani, amabwera ndi adzukulu ake kudzawauza za Mabuyu, ndipo ali ndi mphamvu youza mphunzitsi wa madigiri kuti apa pokha ayi. Ine ndidalemba dzina langa ku Chentcherere chifukwa kwa ine lidali khoma chabe. Sindikadayerekeza kulemba pa chipupa cha tchalitchi kapena pa chiliza cha agogo, chifukwa za zimenezo ndidauzidwa. Za phanga lija sadandiuze, ndipo ine nditakula sindidauze ana a eni.

Ife tili ndi mwayi womwe sitiuwerengera. Akafula adapita, ndipo tanthauzo la zofiira zija lidapita nawo. Koma zoyera zija eni ake alipo. Gule akuvinidwabe m'midzi yozungulira Chongoni, anamkungwi alipo, mafumu alipo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ife aphunzitsi tikamapita ndi ana kumalo otere timawadutsa ali pakhonde, ngati kuti nzeru zonse zili m'buku la silabasi. Sindikunena kuti aulule zosaulula. Ndikunena kuti mwana akamva kuchokera kwa gogo wa m'mudzi momwemo kuti malo ano ali ndi eni ndipo pali zina zomwe sudzauzidwa, dzanja lake silingatole khala.

Teremu ikubwerayi ndikupita ndi ana a Fomu 2 ku Chongoni. Ahedi avomera, komiti ya makolo yavomera, ndipo ana ayamba kale kusonkha ya galimoto kuchokera pa ndiwo zamasamba za m'dimba la sukulu. Ndalembera a ofesi yoona za zinthu zakale kuti atipatse wotiperekeza, ndipo tikayamba kaye talonjera amfumu a deralo ndi kupempha mkulu mmodzi kuti atsagane nafe. Malamulo ndawauza kale anawo: osakhudza, osathira madzi pakhoma kuti chithunzi chiwale, osasonkha moto, ndipo zolembera zonse zikhala m'chikwama changa mpaka titatsika.

Ngati dzina lija likadalipo, ndikawaonetsa ndekha ndi kuwauza kuti adalemba ndani. Sindikalifufuta, chifukwa ndidaphunzira ku Ubirr kuti kupukuta mwaumbuli kumachotsa ndi utoto womwe. Ndikauza oyang'anira malowo kuti akalichotse mwaukatswiri, ndipo ngati pali chindapusa ndikapereka.

Inu a ku Mphunzi, Namzeze ndi midzi yozungulira, ndilembereni kudzera kwa mkonzi mundiuze mmene mapangawo alili masiku ano komanso njira yabwino nyengo ino. Anzanga omwe tidali limodzi pa lole ija, mukudzidziwa. Malo m'galimoto alipo. Sabata yamawa ndidzakuuzani za sukulu ina yakumudzi yomwe tidakayendera kumeneko, komwe ana amayamba kuphunzira m'chilankhulo cha makolo awo.